Adakana Chuma cha Mfumu, Koma Sadamukhulupirire

Mlungu wathawu ndidalonjeza kuti tikambirana za kasungidwe ka ufa m'nyengo ya mvula, koma mundikhululukire, nkhani imeneyo iyambe yadikira. Pali china chimene chandikhala pamtima chiyambire Loweruka, ndipo ndaona kuti n'kwabwino ndikutulireni.

Loweruka madzulo mwana wanga wamkazi adabwera kuno ku Chilinde kudzationa. M'chikwama mwake adatulutsa kompyuta, nati, "Amayi, poti inu mumakonda masewero a Chimwenye a pa wailesi yakanema, lero muoneko kanema wa makolo awo." Ndidaitana mlamu wanga wa ku Kawale pamodzi ndi amayi a nyumba yoyandikana nafe, tidayala mkeka, mwanayo n'kumawerenga mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi ndi kumatimasulira. Tidakhala pamenepo pafupifupi maola atatu. Nsima idaphikidwa mochedwa tsiku limenelo, koma palibe amene adadandaula.

Kanemayo dzina lake ndi Thillana Mohanambal. Adatuluka pa 27 July 1968, chaka chomwe chija chinenero chathu chidasiya kutchedwa Chinyanja kuno kwathu n'kuyamba kutchedwa Chichewa. Ndi wa m'chinenero cha Chitamil. Ambiri a ife tikati Amwenye timayesa ndi anthu a chinenero chimodzi, chonsecho dziko la India lili ndi zinenero zambirimbiri. Amwenye ambiri amene timagula nsalu m'masitolo mwawo ku Old Town makolo awo adachokera chakumadzulo, kudera la Gujarat. Atamil kwawo ndi kummwera, m'chigawo cha Tamil Nadu, chimene likulu lake ndi Chennai, mzinda umene kale unkatchedwa Madras. Ena a iwo adawolotsedwa nyanja kuyambira m'chaka cha 1860 kukalima nzimbe ku Natal, kotero abale athu okhala ku Durban amakumana ndi zidzukulu zawo tsiku ndi tsiku.

Nkhaniyi isadakhale kanema idali buku, ndipo bukulo lidayamba kutuluka chigawochigawo, mlungu ndi mlungu, m'magazini yotchedwa Ananda Vikatan m'zaka za 1957 ndi 1958. Adalemba ndi Kothamangalam Subbu. Owerenga ankadikira chigawo chotsatira monga momwe ife tinkadikirira Kapalepale kapena Pamajiga pa wailesi ya MBC. Patapita zaka khumi, A. P. Nagarajan adaisandutsa kanema, ndipo nyimbo zake adakonza ndi K. V. Mahadevan. Kanemayu adalandira mphoto ya boma la India monga wopambana pa akanema a Chitamil a chaka chimenecho, ndipo kufikira lero Atamil amamuwerengera pakati pa akanema awo omveka.

Tsono nkhani yake ili motere. Pali mnyamata wotchedwa Shanmugasundaram, katswiri woimba chitoliro chachikulu chamtengo, chotalika kuposa mkono wa munthu wamkulu, chimene iwo amati nadaswaram. Chitoliro chimenechi chimaimbidwa m'makachisi ndi pamaukwati, motsagana ndi ng'oma yotchedwa thavil. Palinso mtsikana wotchedwa Mohanambal, kapena kuti Mohana, katswiri wa gule wa Bharatanatyam, amene wovina amamanga timabelu m'miyendo monga ife timamangira maseche, ndipo amafotokoza nkhani yonse ndi manja, maso ndi mapazi. Awiriwa adakumana pachikondwerero cha kukachisi wa Azhagar, pafupi ndi mzinda wa Madurai. Mnyamatayo adali waluso, komanso wa mtima wapachala: atamva phokoso la makombola a chikondwerero iye ali mkati moimba, adaleka nyimboyo pakatikati n'kuchokapo. Koma mtsikanayo atayamba kuvina, mwamuna yemwe uja adabwerera n'kumasuzumira mobisala. Pamenepo mlamu wanga adaseka nati, "Mlamu, amuna ndi amodzi dziko lonse lapansi."

Chikondi chawo chidayamba ndi mkangano, aliyense kunyadira luso lake. Mkanganowo udathera pampikisano kukachisi wa ku Thiruvarur, kumene mnyamatayo adaimba thillana, nyimbo yothamanga imene kawirikawiri imatsekera gule wa Bharatanatyam, mtsikanayo n'kumavina osaphonya ngakhale phazi limodzi. Palibe amene adagonja, ndipo mnyamatayo ndi pakamwa pake adampatsa dzina laulemu loti Thillana Mohanambal. Adasewera monga mnyamatayo ndi Sivaji Ganesan, yemwe m'chaka cha 1960 adalandirapo mphoto ku Cairo, konkuno ku Africa, chifukwa cha kanema wina. Iye sankadziwa kuimba chitolirocho. Ankaimba kuseri ndi abale awiri a ku Madurai, Sethuraman ndi Ponnusamy, koma ukaona m'mene akufufumitsira masaya ndi kuyendetsa zala sungakhulupirire kuti mawuwo sakuchokera kwa iye. Mohana adali Padmini, ndipo za mayi ameneyu ndinenapo kumapeto.

Adani a chikondichi adali ambiri, ndipo woyamba adali m'nyumba momwemo. Mayi wake wa Mohana, Vadivambal, sankafuna kumva za mkamwini woimba chitoliro. Ankafuna kuti mwana wake asungidwe ndi munthu wachuma, ngakhale munthuyo akhale ndi mkazi kale kunyumba. Poyamba tonse pamkeka paja tidamuda mayiyu. Koma mwana wanga adatifotokozera chiyambi chake. Kale kumeneko kudali mwambo wopereka ana aakazi kukachisi kuti azivina ndi kutumikira, ndipo ankatchedwa devadasi. Akazi otere sankakwatiwa monga anzawo. Ambiri ankasungidwa ndi amuna olemera, ndipo anthu omwewo amene ankawaombera m'manja pabwalo ankawanyoza kuseri. Mwambowu udaletsedwa ndi lamulo ku Madras m'chaka cha 1947, pambuyo pa nkhondo yaitali imene adaitsogolera dokotala wamkazi, Muthulakshmi Reddy. Choncho Vadivambal ndi mayi amene adakulira m'dziko limene mkazi wovina adalibe chitetezo china koma thumba la mwamuna wolemera. Ankaopa umphawi, ndipo manthawo ankawayesa chikondi cha mayi.

Kodi zimenezi n'zachilendo kwa ife? Ndani sadaonepo mayi amene amalandira thumba la shuga ndi chitenje kuchokera kwa bambo wa galimoto, akudziwa bwino lomwe kuti bamboyo sadadzere iye ayi, koma mwana wake wa Fomu 2? Ndani sadamvepo mawu oti, "Iwe, mnyamata wa kabazayo udzadya naye chiyani?" Dziko lathu lidakhazikitsa lamulo la maukwati m'chaka cha 2015 loti munthu asalowe m'banja asadakwanitse zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko adakonzedwa kuti agwirizane nalo. Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza idamveka dziko lonse pothetsa maukwati a ana ndi kuwabwezera kusukulu. Koma lamulo silingalowe kukhitchini kwathu kukamva zimene timanong'oneza ana athu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambiwu timaudziwa tonse, koma njala ikalowa m'nyumba timauiwala msanga.

Mdani wachiwiri adali Vaithi, kathyali wa pakamwa pozuna, amene adaseweredwa ndi Nagesh. Uyu ndiye mthirakuwiri weniweni. Kwa mwinimunda wolemera wa ku Singapuram ankati mtsikanayo ali pafupi kulola. Kwa mayi wake ankawerengera ndalama ndi mphete. Zitakanika kumeneko adakagogoda kwa mfumu yaikulu ya ku Madhanpur. Iye adalibe luso lililonse, sankaimba, sankavina, koma ankadyera pa mbiri ya mwana wa eni. Amaseketsa kwambiri m'kanemamo, mwakuti umazindikira mochedwa kuti misozi yonse ya anthu awiriwa idadzera m'kamwa mwake. Padalinso wina, Nagalingam, amene pokanidwa adagwira mpeni wapoizoni n'kuvulaza mkono wa Shanmugasundaram, mkono womwewo wogwirira chitoliro, mpaka adakagonekedwa m'chipatala.

Koma taonani, amayi anzanga. Onsewa Mohana adawapambana. Mwinimunda adamkana. Mayi wake adalimbana naye popanda kumchitira chipongwe. Wokondedwa wake atavulala sadamtaye, ndipo atakumananso pabwalo, posowa mpata wolankhulana naye pamaso pa anthu, adamfunsa za moyo wake kudzera m'nyimbo ndi m'gule, mnyamatayo n'kumayankha ndi chitoliro. Nyimbo imeneyo imatchedwa Nalandhana, ndipo pamene inkaimbidwa ndidaona amayi oyandikana nafe aja akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Potsiriza Mohana adakana ngakhale mfumu ya ku Madhanpur m'nyumba yake yomwe yachifumu, ndipo adapulumuka mothandizidwa ndi mkazi wa mfumuyo.

Chimene chidamgwetsa ndi mwamuna yemwe ankamukanira onsewo. Kuyambira pachiyambi Shanmugasundaram adali wofulumira kukayika. Ataona ngolo ya munthu wolemera itaima pakhomo pa Mohana sadalowe kukafunsa, adangoweruza mumtima n'kuganiza zothawira kunja kwa dziko. Atadziwa kuti mtsikanayo adalowa m'chipinda cha mfumu sadafunse chimene chidachitika m'menemo, adangomlasa ndi mawu oti ndi mkazi wogulika. Mtsikana amene adapirira mpeni, ziwembu ndi ukali wa mayi wake sadathe kupirira mawu amenewo. Adathamangira kwawo, n'kudzitsekera m'chipinda ndi cholinga chochotsa moyo wake. Mwayi wake mfumu ija idaulula zoona, mnyamatayo adathamanga, adapepesa ali kunja kwa chitseko, adalumbira kuti sadzamkayikiranso, ndipo adamupeza akali moyo. Kanemayo amathera paukwati wawo.

Zithunzi zitatha tidakhala chete kanthawi. Kenaka mlamu wanga adafunsa funso limene landisowetsa mtendere mlungu wonse: "Kodi lumbiro limenelo adalisunga?" Akanema amathera paukwati, koma ife amene tili m'mabanja tikudziwa kuti nkhani imayambira pomwepo. Mohana akapitiriza kuvina, anthu adzapitiriza kumuyang'ana. Kudzabweranso ngolo ina pakhomo, ndi Vaithi wina wonong'oneza. Mwamuna amene sadaphunzire kufunsa asadaweruze, lumbiro la pachitseko silingamsinthe tsiku limodzi.

Muno m'Chilinde, ku Biwi, ku Chinsapo ndi ku Mgona, a Mohana alipo ambiri, ngakhale savala timabelu m'miyendo. Ndi mayi amene amadzuka tambala woyamba kukapikula mbatata ndi tomato ku Lizulu kapena ku Jenda, n'kubwera usiku pamwamba pa lole. Ndi namwino wa ntchito ya usiku. Ndi mayi wa kwaya amene amakagona kumsonkhano, ndi wa geni ya zovala amene amakwera basi ya ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam. Kumudzi ndi mayi amene amatsogolera nyimbo pachimtali kapena pachisamba, amene aliyense amafuna kuti abwere paukwati wa mwana wake, koma akatembenuka amati, "Mkazi wotere sakhalitsa pabanja." Ndalama zake timadya, luso lake timasangalala nalo, koma mbiri yake timaiponda. Masiku ano kwabweranso foni: ikangolira usiku, mlandu wayamba, munthu asadaone n'komwe kuti waimba ndani.

Pano ndiyenera kudziulula, pakuti sikungakhale chilungamo kuloza ena chala. Zaka zingapo zapitazo mayi wina adandipeza pampopi nati, "Amayi, sindifuna kukuuzani, koma mpongozi wanu ndamuona dzulo akutsika galimoto ku Biwi, mwamuna akumutsegulira chitseko." Mpongoziyo ndi mkazi wa mwana wanga wachisamba, ndipo nthawi imeneyo ankasoka zovala za akwati. Sindidamfunse. Ndidakauza mwana wanga, ndipo pouzapo ndidathirako mchere pang'ono, monga timachitira. Usiku womwewo m'nyumba mwawo mudabuka moto, m'mawa mwake mpongozi wanga adanyamula mwana kumsana n'kupita kwa makolo ake. Ankhoswe atakhala pansi, padapezeka kuti mwini galimotoyo adali bambo wa mkwatibwi wina, amene adamtenga kukayesa diresi, ndipo mkwatibwiyo ndi mayi wake adali pampando wakumbuyo. Wondiuza uja sadawaone, kapena sadafune kuwaona. Banjalo lidabwererana, koma padapita chaka chathunthu mpongozi wanga asadadyenso nane m'mbale imodzi, ndipo ntchito yosoka za akwati adaisiya yekha poopa pakamwa pa anthu. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Loweruka lija, poona Vaithi akuyendetsa mawu uku ndi uku, sindidaseke monga anzanga, chifukwa ndidadzizindikira.

Timakonda kunena kuti nsanje ndi ya amuna, ndipo n'zoona kuti ambiri a iwo ali ngati Shanmugasundaram. Koma nkhuni zosonkhezera motowo kawirikawiri timatola ndife, apongozi, alamu, achemwali ndi anansi. Mwamuna sakhala pampopi kapena pachigayo. Zimene amamva zimadzera mwa ife. Tsono ndikupempheni zinthu zingapo.

Wina akakubweretserani mawu okhudza mkazi wa mwini, mufunseni kuti, "Kodi mwaona ndi maso anu? Nanga tingapite limodzi kukamfunsa?" Mudzaona kuti ambiri amabwerera pomwepo. Ngati nkhaniyo ikukuvutanibe, yambani mwafunsa mwini wakeyo, awiriwiri, musadauze mwamuna wake. Safunsa adadya phula.

Inu alangizi ndi anamkungwi, pa chilangizo cha ukwati timathera usiku wonse kuuza mtsikana za kupirira, za ulemu ndi za kusunga chinsinsi cha m'nyumba. Mnyamata timangomuuza mawu awiri atatu. Muuzeninso kuti mkazi si mbuzi yomangirira pachikhomo, ndi kuti mawu oti "hule" akatuluka m'kamwa sabwereranso, ngakhale apepese chogwada. Ana athu aamuna tiwaphunzitse akali aang'ono kufunsa modekha ndi kumvetsera yankho mpaka kumapeto.

Ndipo inu amene mukukhala m'nyumba ya kukayikiridwa tsiku ndi tsiku, amene foni yanu imafufuzidwa, geni yanu idaletsedwa, ndipo mwina mwayamba kumenyedwa, musayese kuti chimenecho ndicho chikondi. Itanani ankhoswe msanga, zinthu zisadafike poipa. Zikapitirira, dziwani kuti kuyambira m'chaka cha 2006 dziko lathu lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja, ndipo kupolisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa, imene ambiri amaidziwa ndi dzina loti Victim Support Unit. Koposa zonse, njira imene Mohana adafuna kutenga si njira ayi. M'kanema chitseko chimathyoledwa nthawi ikadalipo, koma m'moyo uno wothyola chitseko amafika mochedwa. Mnzanu akayamba kulankhula zoti moyo wamkwana, musamuseke ndipo musamusiye yekha. Khalani naye, uzani abale ake odalirika, ndipo mperekezeni kuchipatala.

Ndidati ndinenapo za Padmini. Iye adali mmodzi wa atsikana atatu apachibale, Lalitha, Padmini ndi Ragini, amene adatchuka ndi kuvina m'akanema a ku India. Adakwatiwa ndi dokotala m'chaka cha 1961, kutanthauza kuti pamene ankavina monga Mohana mu 1968 adali kale mayi wa pabanja monga inu ndi ine. Pambuyo pake adakakhala ku America, kumene mu 1977 adatsegula sukulu yophunzitsa gule ku New Jersey, ndipo adamwalira m'chaka cha 2006. Ukwati sudamuvule timabelu m'miyendo. Ndikaganiza za iye ndimakumbukira makina osokera a mpongozi wanga, amene akhala atavundikiridwa ndi nsalu pakona ya chipinda chiyambire chaka chija.

Lamulungu masana ndidapita kwa mpongozi wangayo. Ndidatenga nsalu ya mamita anayi imene ndidagula kalekale, ndipo nditakhala pansi ndidati, "Mayi, ndabwera ndi mawu amene ndidayenera kunena kale. Ndidakulakwirani, ndipo ndidakulandani ntchito ya manja anu. Ndisokereniko diresi ya ukwati wa mdzukulu wa achemwali anga." Sadayankhe msanga. Adandipatsa madzi akumwa, adafunsa za kunyumba, kenaka adalowa kuchipinda n'kutuluka ndi tepi yoyezera. Zina zonse zidzadziwika m'tsogolo, koma muyeso adanditenga.

Ngati muli ndi mwana kapena mdzukulu wodziwa za intaneti, mupempheni akufunireni kanemayu, muonere pamodzi ndi bambo a kunyumba ngati angalole kukhala pansi maola atatu. Chinenero n'chachilendo ndipo zovala n'zachilendo, koma anthu ake muwazindikira. Mukatero mutilembere maganizo anu pa funso la mlamu wanga lija, makamaka inu amene mwakhalitsa m'banja: kodi mwamuna wokayikira amasintha, ndipo chimamsintha n'chiyani? Makalata anu tidzawasindikiza patsamba lomwe lino.

Mlungu wamawa tibwerere ku nkhani ya ufa ija. Tsalani bwino, amayi anzanga.